Kaseti Yochokera ku Itepela

Kaseti yomaliza inafika ku Cuamba m'mawa wa tsiku lotsiriza la msonkhano, itakulungidwa m'pepala la simenti n'kumangidwa ndi luzi. Amene anaibweretsa anali Cosme, mwamuna wa Natália, woyendetsa kamiyau, galimoto yaikulu yonyamula thonje, pakati pa Mandimba ndi Cuamba. Analowa pabwalo la sukulu ali mbuu ndi fumbi, nsidze zitafiira ngati za munthu wotuluka m'uvuni wa njerwa.

"Landirani pulofesa wanu, a mlembi," anatero akuika kaphukusiko m'manja mwa mkazi wake. "Wakhala nane kutsogolo ulendo wonse. Sanadandaule mabampu, sanapemphe madzi, sanandiphunzitse kuyendetsa. Ophunzira onse akanakhala otere, bwenzi nditasiya thonje n'kumanyamula iwo."

Natália anaseka pang'ono chabe. Kasetiyo inali mwayi wake wotsiriza.

Chinali chaka cha 1997. Akatswiri ofufuza anali atasonkhana ku Cuamba kwa masiku atatu kukambirana za kubwerera kwa anthu nkhondo itatha. Anachokera ku Maputo, ku Nampula, ena kutsidya kwa nyanja, ndipo ulendo, pogona ndi chakudya anawakonzera ndi mabungwe amene anawatuma. Natália anali mphunzitsi wa m'tauni momwemo, nayenso wobwerera kuchokera ku Malawi, ndipo anamutenga kuti akhale mlembi ndi womasulira. Pokonza mndandanda wa olankhula m'pamene anaona chinthu chimene chinamusowetsa mtendere: panalibe ngakhale mmodzi wa kumidzi. Aphunzitsi, anamwino ndi akatekisi amene iye ankadziwa kuti akhala akulemba nkhani za obwerera m'makope a ana asukulu, onse anali kunja. Ulendo sakanaukwanitsa. Thandizo la ulendo linalipo ndithu, koma wolilandira ankayenera kuonetsa bilyete, chiphaso cha boma, pamene ambiri ziphaso zawo zinapsera m'nyumba kapena zinatayika m'tchire.

Ndiye anapita kwa Dotolo Ricardo, wapampando wa msonkhanowo, ndi nzeru imene anaitenga kumsasa wa othawa nkhondo. Kumeneko anthu ambiri sankalemberana makalata. Ankabwereka wailesi yojambula, n'kulankhulamo zonse za kumtima, kaseti n'kudutsa malire ili m'thumba la wanjinga.

"Amene sangathe kubwera atumize mawu awo," anatero Natália. "Ine ndiziimitsa kaseti pang'onopang'ono n'kumamasulira m'Chipwitikizi."

Dotolo Ricardo anavomera monyinyirika. Natália analemba zidziwitso pamanja, n'kusaina dzina lake pansi, Cosme n'kukazikhoma m'mitengo ya m'misika ya ku Mandimba ndi ku Ngauma. Makaseti atatu anafika msanga ndipo anawamvetsera tsiku lachiwiri. Yoyamba inatafunidwa ndi wailesi. Yachiwiri anaijambulira pafupi ndi chigayo, moti chigayo n'chimene chinkamveka. Pa yachitatu mwini wake anathera theka la ola akuthokoza okonza msonkhano, ndipo atati ayambe nkhani, mbaliyo inatha. Alendo anaseka mobisa kumaso m'mapepala.

"Dona Natália, muli ndi mtima wabwino," anatero Dotolo Ricardo madzulo ake, "koma msonkhano si wailesi yoperekera moni. Mwati ina ili m'njira. Imeneyo ikalephera, m'buku lathu simulowa kaseti ndi imodzi yomwe, ndipo chaka chamawa tisadzazimvenso zimenezi."

Tsopano kasetiyo inali m'manja mwake. Anamasula luzi. Pakapepala ka pamwamba panalembedwa ndi makala osongoledwa, m'zilembo zazikuluzikulu: FRACKSON ABUDO, ITEPELA.

"Ndi munthu wotani?" anafunsa.

"Woonda ngati bango," anatero Cosme akudzikuntha fumbi. "Ndevu zayamba imvi, koma si wamkulu kwenikweni. Amakoka mwendo wakumanzere. Wapalasa njinga kuchokera ku Itepela mpaka pamsika wa Mandimba, njinga yake yopanda ndi zopondera zomwe, tizitsulo tokha. Ndinamugulira tiyi. Koma ndiye munthu wodabwitsa, akazi anga. Ndinamuuza kuti, 'Achimwene, malo alipo kutsogoloku, kwerani ulere, mukagona kwathu, mukadzilankhulire nokha.' Anakana."

"Anakana ulendo waulere?"

"Anakanitsitsa. Anangondifunsa kuti, 'Inu ndinu a Cosme, amuna awo a mlembi?' Ine n'kuti ndine amene. Ndiye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati akugula ng'ombe. Ndinachita kumufunsa ngati ndili ndi mlandu kwawo. Anangomwetulira, n'kukwera njinga yake, osamaliza ndi tiyi yemwe."

Natália anafuna kuimvetsera kaye payekha, koma magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, ndipo mapilya, mabatire oyendetsera wailesi, anatsala anayi okha. Akanawathera poyesa, bwenzi pamaso pa alendo wailesi itangolira ngati ng'ombe yodwala. Anaika kasetiyo m'thumba la bulauzi, pafupi ndi mtima, n'kuipempherera.

Atatha kudya chamasana, alendo anabwerera m'holo ali olefuka. Kunja dzuwa linali litawalitsa miyala ya mapiri ozungulira tauni, ndipo malata a denga ankangoti the, the, chifukwa cha kutentha. Natália anatsekula zitseko zonse n'kuitana ophika ndi alonda kuti aime kumbuyo, popeza kasetiyo inali m'chinenero chawo. Dotolo Ricardo anakwinya nkhope. Cosme anakhala pawindo, chipewa chili pabondo, n'kutsinzinira mkazi wake diso.

Natália anadina batani.

Poyamba kunamveka mphepo ndi nkhunda. Kenako munthu anatsokomola kawiri, kutsokomola kofatsa, n'kunena kuti, "Chabwino tsono, tiyeni tiyambe."

Natália anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Holo yonse inakhala ngati yalowa m'madzi, nkhope za alendo zikuyandama. Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene ankayamba kulankhula motero, kutsokomola kawiri kenako mawu anayi amenewo. Ankatero poyamba phunziro, ankatero podalitsa chakudya, anateronso tsiku limene anamufunsira pansi pa mtengo wa mbawa ku Mandimba. Munthuyo anali Jossias, mwamuna wake woyamba, ndipo Jossias anamwalira.

Anamugwira anthu amfuti mu 1987 akuchokera kusukulu, n'kumusenzetsa katundu kulowa naye m'tchire. Natália anathawira ku Malawi ndi apongozi ake. Patatha zaka ziwiri kunafika munthu kumsasa amene analumbira kuti anaona Jossias atagona m'mbali mwa mtsinje, osapuma. Popeza thupi panalibe, akuluakulu anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga, n'kuliika m'manda monga amachitira munthu akafera kosadziwika. Natália analira, anameta, ndipo pomaliza abale a mwamuna anamusudzula. Atabwerera kwawo anakumana ndi Cosme, munthu woyamba kumuseketsa pambuyo pa zaka zisanu ndi ziwiri. Cosme ankadziwa kuti anakwatira mkazi wamasiye. Anthu onse ankadziwa choncho.

"Dona Natália?" anatero Dotolo Ricardo. "Tikudikira kumasulira."

Anazindikira kuti mawu apita kale patali. Anaimitsa kaseti, n'kuibweza pang'ono. Palibe amene anadziwa kanthu. Anayambanso.

"Dzina limene ndimayendera ndi Frackson Abudo," anatero mawu aja. "Si dzina limene ndinabadwa nalo. Ndinalitola m'tchire, chifukwa masiku amenewo kudziwika kuti ndiwe mphunzitsi inali imfa. Ndimaphunzitsa ana pansi pa mtengo ku Itepela, m'boma la Ngauma. Sindili m'kaundula wa aphunzitsi, makolo amandipatsa chimanga. Kafukufuku wanga ndi wa anthu amene maliro awo anachitika iwo akadali moyo."

Natália anamasulira. Mawu ake anatuluka owuma, ngati a munthu wina. Mayi wina wa kutsidya kwa nyanja amene ankadzikupiza ndi pepala anasiya, n'kutenga cholembera.

Anapitiriza choncho, kudina, kumvetsera, kuimitsa, kumasulira. Mwini mawuwo anafotokoza kuti kwa zilimwe zitatu anayenda panjinga kuchokera ku Ngauma kudutsa Mandimba mpaka ku Lúrio, akufunafuna anthu oikidwa ndi thunthu la nthochi. Anapeza makumi anayi ndi awiri. Aliyense anacheza naye kangapo, n'kukaonanso kumudzi kwawo mwakachetechete kuti atsimikize. Khumi ndi mmodzi okha ndi amene anabwerera kwawo, abale atavomera kufukula thunthu lija n'kumusambitsa munthuyo kuti akhalenso wamoyo pakati pawo. Otsalawo ankakhala m'misika ndi m'madoko a nsomba ndi mayina atsopano. Ena munda wawo unagawidwa. Ena atafika pakhomo, abale anathawa poyesa ndi mzukwa. Ena anangoima patali, n'kuona kuti malo awo atsekeka bwinobwino ngati bala lopola, ndiye anaopa kulitsegulanso.

"Inu ophunzira mumawerenga amene anadutsa malire pobwerera," anatero mawuwo. "Awa malire anadutsa, koma sanafike. M'mabuku anu mulibe, ku boma kulibe, chifukwa kuti munthu apeze bilyete pamafunika wachibale womuchitira umboni, ndipo wachibale sangachitire umboni munthu amene anamuika yekha."

Dotolo Ricardo anali atavula magalasi, akulemba mofulumira. Natália anaona kuti zatheka, kuti khomo limene analimenyera likutseguka, koma sankadziwa kuti mawuwo akupita kuti. Akadzitchula? Akamutchula iye? Anayang'ana pawindo. Cosme anamukwezera chala chachikulu, akunyadira.

"Tsopano," anatero mawu aja, "kwathu kaseti siitumizidwa popanda anthu kupereka moni. Ena mwa anzangawa anapempha kuti alankhule okha, mwina mawu awo angafike kumene iwo akuopa kufika."

Kunamveka kukhwekhwereza, kenako mawu ena, a mwamuna wachibwibwi pang'ono. "Ndine Daudi. Mayi anga ndi a Emília, a ku Lúrio, kumene kuli mitengo itatu ya mapapaya kuseri kwa tchalitchi. Ndili moyo. Ndimakonza njinga pamsika wa Mandimba. Amayi, ngati mukumva, ndinabwera chaka chija koma a malume anandiponya miyala. Sindinakwiye."

Kumbuyo kwa holo thireyi ya makapu inagwa, phwaa! Mayi Emília, wamkulu wa ophika, amene masiku atatu onsewo ankagawa tiyi mosatulutsa mawu, anali ataima manja ali m'mutu, kukamwa kuli yasa. Kenako anakuwa kukuwa kumene Natália anali asanakumvenso chichokereni kumsasa.

"Mwana wanga! Daudi! Ndinamuika ine! Mayo ine, ndinamuika ndi manja angawa!"

Anathamangira kutsogolo akuponda zidutswa za makapu, n'kugwada patsogolo pa wailesi, akuisisita ngati mutu wa khanda. Ophika anzake anayamba kulira. Alonda anakhamukira mkati. Alendo anaimirira, mipando ikugwa, ena akufunsa m'zinenero zawo kuti chachitika n'chiyani. Mayi wa kutsidya kwa nyanja uja, atamva, anagwira pakamwa, n'kunena mokweza kuti wofufuza saulula mayina a anthu ake, kuti zimenezi n'zosaloleka kwina kulikonse.

"Kwina kulikonse si kuno," anayankha mlonda wina amene ankamva Chipwitikizi. "Kaseti yopanda mayina ndi kaseti yanji?"

Dotolo Ricardo anamenya tebulo. Nkhope yake inali itatuwa. "Dona Natália, zimitsani. Tamva zokwanira. Zimitsani, chonde."

Chala cha Natália chinali kale pa batani. Apa m'pamene anaona njira yothawira itatseguka patsogolo pake, yosalala, yopanda minga. Akanazimitsa, palibe akanamudzudzula, popeza walamula ndi wapampando. Akanabwerera kunyumba ndi Cosme, n'kubisa kasetiyo pansi pa sutikesi, chinsinsi n'kukhala chake mpaka imfa. Koma msonkhano ukanakumbukira makaseti ngati chisokonezo cha makapu osweka, ndipo zilimwe zitatu za munthu wokoka mwendo zikanathera pamenepo.

Mayi Emília anamugwira dzanja. "Musazimitse, mwanangu," anatero akusisima. "Mwina mulinso wa wina."

Natália anachotsa chala. "Yatsala pang'ono, a Dotolo," anatero. "Munthu sitimudula pakamwa asanatsanzike."

Analankhula enanso asanu, aliyense kutchula dzina lake, la mayi ake ndi mudzi. Mlonda uja anatulutsa kapepala n'kumalemba mayinawo, akuti awiri akudziwa kwawo. Kenako kunabwera kutsokomola kawiri kuja.

"Wa makumi anayi ndi chiwiri ndine."

Natália anaimitsa. Anayang'ana khoma la kumbuyo, pamene panali mng'alu wooneka ngati mtsinje, n'kunena m'Chipwitikizi: "Wa makumi anayi ndi chiwiri ndine."

Anadinanso batani. "Ndinali ndi mkazi," anatero mawu aja.

"Ndinali ndi mkazi," anabwereza Natália.

"Nditatuluka m'tchire ndinadwala nthawi yaitali. Nditachira ndinamufunafuna, mpaka ndinamva kuti ali ku Cuamba. Ndinafika pasiteshoni ya sitima tsiku la Loweruka. Ndinamuona akugula tomato, atavala nsalu yobiriwira. Pambali pake panali mwamuna amene anamunong'oneza kanthu, iye n'kuseka mpaka tomato kugwa. Zaka zisanu ndi zitatu ndinkapempha Mulungu kuti ndidzamvenso kuseka kumeneko. Ndinakumva. Ndiye ndinabwerera."

Natália ankalikumbukira tsikulo. Ankakumbukira ngakhale nthabwala ya Cosme, yonena za wogulitsa tomato amene ankayeza ndi maso. Anamasulira chiganizo chilichonse, osadumpha, osafewetsa. Pa mawu akuti "ndinakumva" mawu ake anasweka, koma anthu anayesa ndi chifundo chabe, popeza theka la holo linkalira.

"Dzina langa lenileni sinditchula," anamaliza mawuwo. "Amene anandilira anamaliza kulira, ndipo si bwino kumuyambitsanso. Ndapereka nkhani yanga kuti mudziwe kuti zimene ndanenazi sindinazimvere pa mpanda. Makope anga asanu ndi limodzi alipo, amene angawafune. Zikomo pondipatsa mpando ngakhale sindinabwere."

Kaseti inati kha, n'kuima.

Wina anayamba kuomba m'manja, ena n'kutsatira, mpaka ophika omwe. Dotolo Ricardo anadikira kuti phokoso lithe. Polankhula, mawu ake anali otsika.

"Ndakhala pa misonkhano yambiri," anatero, "ndipo sindichita manyazi kunena kuti ntchito yoposa zonse zimene tamva masiku atatu ano ndi imeneyi. Dona Natália, ndinalakwa." Anapukuta magalasi. "Koma ndili ndi vuto, ndipo si laling'ono. Buku lathu likawerengedwa ndi anthu amene adzafunse kuti mlembiyu ndani. Munthuyu wanena yekha kuti dzina lake si lake. Alibe chiphaso, sali m'kaundula, palibe wamuona. Adzati tapeka. Lamulo la osindikiza ndi loti wolemba amene sanabwere achitiridwe umboni ndi munthu wa pamsonkhano, womudziwa dzina lake lenileni ndi kumene anaphunzira. Popanda zimenezo sindingaike, ngakhale ndikufuna."

"Ine ndamuona!" anatero Cosme akudumpha pawindo. "Dzulo lomweli ndamwa naye tiyi. Ndi munthu ndithu, a Dotolo, mzukwa sumwa tiyi wa shuga atatu."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kopumulira.

"Mukumudziwa dzina lake lenileni, bambo?"

Cosme anakanda m'mutu. "Limenelo ayi."

"Alipo wina?"

Dotolo Ricardo anayang'ana mzere uliwonse. Alonda anayang'anizana. Mayi Emília anapukusa mutu. Panja mbuzi inalira. Wapampando uja anapumira m'mwamba n'kuyamba kutseka kope lake.

Natália anamva mpando wake ukukhwekhwerezeka asanadziwe kuti waimirira. Sanayang'ane kuwindo. Akanayang'ana, sakanatha.

"Dzina lake ndi Jossias Estevão," anatero. "Anaphunzira uphunzitsi ku Lichinga. Anaphunzitsa ku Mandimba mpaka tsiku limene anamugwira, mu 1987. Lembani, a Dotolo."

Dotolo Ricardo sanalembe. Cholembera chinali m'malere. "Mukumudziwa bwanji, Dona Natália?"

"Nsalu imene anakulungira thunthu lake inali yanga."

Ananena m'Chipwitikizi, kenako, popeza anali womasulira ndipo kumbuyo kunali anthu amene sanamve, anabwereza m'Chinyanja. Mayi Emília anati "Hii!" n'kukhala pansi pasimenti. Mayi wa kutsidya kwa nyanja anagwetsa cholembera. Nkhope zonse zinatembenukira kuwindo nthawi imodzi, ndipo Natália naye anayang'ana.

Cosme anali chiimire, pakamwa pali potseguka pang'ono, kumwetulira kwa nthabwala yake ya tiyi kusanachokeretu pankhope. Anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana wailesi, n'kuyang'ananso mkazi wake. Chipewa chinagwa pansi ndipo sanachitole. Anatembenuka n'kutuluka.

Dotolo Ricardo analemba dzinalo pang'onopang'ono, n'kutembenuza kope kuti Natália asaine pansi pake. "Ilowa m'buku," anatero motsitsa. "Ndipo chaka chamawa makaseti adzakhala ndi tsiku lawolawo. Koma mwana wanga, mwalipira zambiri."

Natália anasaina, n'kuchotsa kaseti m'wailesi, n'kutola chipewa chija, n'kutuluka.

Anamupeza kuseri kwa sukulu pamene anaimika kamiyau. Anali atatsekula kutsogolo kwa galimotoyo, mutu uli mkati, akugwiragwira mawaya amene analibe vuto lililonse.

"A Cosme."

Cosme anapitiriza kugwiragwira mawaya.

"Sindinkadziwa. Ndadziwira momwemo, atatsokomola."

"Ndikudziwa kuti simunkadziwa," anatero mutu ukadali mkati. "Ndinakuonani mukugwira tebulo. Ndinayesa ndi kutentha." Anadzuka, manja ali bii ndi oyilo, maso ali ofiira. "Ndamugulira tiyi, Natália. Ndamuuza kuti akagone kwathu. Kwathu! Ndipo iye akundiyang'ana, akudziwa zonse, ine ndikungobwebweta za mabampu."

"Mukanakonda ndikanakhala chete?"

Cosme anapukuta manja pa thalauza kwa nthawi yaitali. "Ndikanakonda," anatero. "Koma ndikanadzadziwa, tsiku lina, ndipo ndikanakuopani moyo wanga wonse." Anamuyang'ana. "Tsono ine ndine ndani panopa? Mwamuna wanu, kapena wosunga malo?"

Tsiku lonse Natália anamasulira za ena, koma zake zinalibe chinenero. Anangomupatsa chipewa.

Pamwamba pa kamiyau panamveka kutsokomola. Onse awiri anadzidzimuka n'kuyang'ana. Anali mayi Emília, atakhala pa matumba opanda kanthu, kamtolo ka zovala kali pamiyendo, epuloni akadali nayo m'chiuno.

"Pepani ana anga, nkhani yanu ndi yaikulu," anatero, "koma galimotoyi ikupita ku Mandimba kapena ayi? Ine sinditsika."

Cosme anawayang'ana, n'kutulutsa mpweya wautali umene unatsala pang'ono kukhala kuseka. Anatseka kutsogolo kwa galimoto, gwa! Anavala chipewa, n'kutsegula chitseko cha mbali ya wokwera.

"Madotolo akhala kuno mpaka sitima ya Lolemba," anatero osayang'ana mkazi wake. "Ali ndi mafunso, ndipo kaseti siyankha. Titula mayiwa pamsika, ife tipitirira mpaka ku Itepela. Munthuyo abwere ndi makope ake, adzayankhe yekha. Ulendo uno sakana."

"Nanga akakana?"

"Mukamuitana ndi dzina lake." Anazungulira kupita mbali yake, n'kukwera, n'kuliza injini. "Kwerani, a mlembi. Mafunso anga ndikamufunsa pobwera. Msewu ndi wautali, ndipo kutsogoloku timakwana atatu."

Natália anakwera. Kaseti inali m'thumba la bulauzi, ikumubaya pang'ono pachifuwa nthawi iliyonse galimoto ikagunda bampu.